Intaneti ndi TV pakhomo ku Mulanje ndi ku Thyolo: mafunso ndi mayankho

Ambiri a ife tikafuna kuika intaneti kapena TV pakhomo timamvera malangizo a abale a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, komwe nsanja za netiweki zili pafupipafupi. Kuno kwathu zinthu n'zosiyana. Phiri, mvula ndi magetsi ndizo zimalamula chimene chingagwire ntchito panyumba panu, ndipo mayankho ali m'munsiwa alembedwa poganizira zimenezo. Mitengo yeniyeni muzifunsa tsiku limene mukugula, chifukwa imayenda ndi kwacha. Ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pomwe marauta (zipangizo zogawa intaneti m'nyumba), madikoda ndi mapulogalamu ambiri a pa TV amagulidwa kunja ndi madola.

Ndiyambire pati?

Musagule kanthu musanayese netiweki m'nyumba mwanu momwemo. Ndikutsindika chifukwa ndalama zambiri zimatayikira pamenepa. Munthu amagula rauta ku Limbe, m'sitolomo ikuthamanga bwinobwino, koma akafika nayo kumudzi kuseri kwa phiri ingoyaka kagetsi kofiira. Mafunde a foni sadutsa m'thanthwe. Phiri la Mulanje, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limatchinga midzi ina kuti isaonane ndi nsanja. Ku Thyolo nako zitunda ndi makwawa zimachititsa kuti nyumba ya pamtunda izigwira 4G pomwe ya kunsi kwa munda wa tiyi, kufupi koti mutha kuitanana, ikungoonetsa E, chilembo cha netiweki yofooka.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Pezani foni ya 4G, ngakhale yobwereka, ndi ma SIM awiri, ya Airtel ndi ya TNM. Gulani kabandulo ka tsiku pa iliyonse. Tsegulani vidiyo ya pa YouTube m'mawa, masana, kenako madzulo pakati pa 7 ndi 9 koloko, nthawi imene anthu aweruka ndipo onse adzazana pa nsanja imodzi. Yesani pabalaza, kuchipinda, pawindo lililonse ndi pakhonde. Timizere ta netiweki tisakunamizeni, titha kudzaza tonse vidiyo n'kumangozungulira. Yang'anani chilembo chili pambali pake. 4G kapena LTE ndiye yabwino, H+ ndi 3G n'zapakatikati, E ndi yongotumizira mauthenga. Ngati vidiyo ikuyenda osadukaduka madzulo, malo amene mwaimawo ndi pomwe padzakhale rauta.

Yabwino ndi iti, Airtel kapena TNM?

Imene yagwira pakhonde panu. Mnzanu wa ku Luchenza akaitama ina, akunena za ku Luchenza, sakunena za ku Likhubula kapena ku Thekerani. Ngati zonse zikugwira, khalani ndi ma SIM onse awiri kuti ina ikagwa musasowe pogwira. Kumbukirani kutenga chiphaso cha unzika, chifukwa kuyambira 2018 SIM iliyonse imayenera kulembetsedwa.

Kodi ndikufunikadi rauta, kapena foni yanga ingakwanire?

Munthu mmodzi kapena awiri, amene ntchito yawo ndi WhatsApp, Facebook ndi kutumiza makalata apo ndi apo, foni ndi yokwanira. Mumangotsegula hotspot, kompyuta n'kulumikizika. Kuipa kwake n'kwakuti foni imatentha, batire imafooka msanga, ndipo mwini foni akapita kumsika intaneti yapitanso kumsika.

MiFi ndi kachipangizo kokwana m'thumba, kali ndi batire yake, ndipo magetsi akazima kamapitirizabe kwa maola angapo. Kwa mphunzitsi, namwino kapena wophunzira wa ku MUST amene akuchita lendi kufupi ndi Ndata, kameneka n'kokwanira. Rauta yaikulu ya SIM imakoka netiweki bwino kuposa MiFi ndipo imafikira zipinda zonse, koma imafuna magetsi nthawi zonse. Ngati kwanu netiweki imagwira pabwalo pokha, funani rauta yokhala ndi pobayira mlongoti wapanja. Mlongoti woimikidwa pamwamba pa denga n'kuloza kumene kuli nsanja umasintha zinthu kwambiri, chifukwa malata ndi zipupa za njerwa zimafooketsa mafunde.

Musanalipire, funsani ngati chipangizocho chinakhomedwa kuti chizilandira SIM ya kampani imodzi yokha. Zokhomedwa zimatchipa, ndipo si zoipa ngati mwayesa kale n'kuona kuti kampaniyo imagwira bwino kwanu.

Nanga 5G ndi intaneti ya waya?

TNM inayamba kuyesa 5G mu 2023 ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ngati foni ya 5G sikuonetsa chilembo chimenecho pakhomo panu, musaonjezere ndalama pogula rauta yake. Makampani ngati MTL ndi Globe Internet amatumikira kwambiri m'mizinda ndi m'maofesi. Amene muli pa Boma kapena m'mbali mwa msewu waukulu, kufunsa sikulakwa, koma funsaninso mtengo wokokera waya kapena kuimika mlongoti, chifukwa nthawi zina umaposa malipiro a miyezi ingapo.

Starlink aliyense akuitama. Ndigule?

Starlink inayamba kugwira ntchito ku Malawi mu 2023. Imalandira intaneti kuchokera ku masetilaiti, kotero siidalira nsanja, ndipo kwa malo ogona alendo a m'tsinde mwa phiri, sukulu, chipatala kapena ofesi ya pa esiteti yomwe ili m'khwawa, ndi chithandizo chenicheni. Kwa banja wamba ndingati dekhani kaye. Chipangizo chake n'chodula, malipiro a pamwezi ndi okwera poyerekeza ndi bandulo ya pafoni, ndipo imadya magetsi. Dishi yaikulu imakoka mawati 75 mpaka 100, yomwe ikayaka usana ndi usiku ndi mayunitsi a ESCOM oposa 50 pamwezi. Yaing'ono ya Mini imakoka mawati 25 mpaka 40.

Imafunanso thambo loonekera bwino. Bulugama wamtali kapena mtengo wa mapeyala wa pafupi ndi nyumba umadula intaneti mphindi ndi mphindi. Pulogalamu ya Starlink ya pafoni ili ndi poyesera zimenezi ndi kamera, ndipo mutha kuyesa musanagule chilichonse.

Bandulo yanga imatha msanga. Ikuthera pati?

Funso ili ndi limene limapweteka anthu mitima, ndipo ambiri amafulumira kunena kuti akuberedwa. Musanakwiye, tsegulani Settings m'foni, pitani pa Data usage. Muona mndandanda wa mapulogalamu ndi MB zimene iliyonse yadya. Kawirikawiri pamwamba pamakhala TikTok, Facebook, YouTube ndi WhatsApp, ndipo chimene chadya ndi mavidiyo. Uthenga wolemba sudya kanthu. Kuimba foni ya mawu pa WhatsApp sikufika 1 MB pa mphindi. Koma ola limodzi la YouTube pa chithunzi wamba cha 480p limadya pafupifupi theka la GB, ndipo Netflix imadya pafupifupi 1 GB pa ola pa chithunzi wamba, mpaka 3 GB pa chithunzi cha HD.

Ganizirani gulu la pa WhatsApp la mpingo, la kusukulu kwa ana, la banki mkhonde ndi la achibale. Munthu mmodzi akatumiza vidiyo ya kwaya ya 40 MB m'magulu atatu, foni yanu imaikoka yokha inu muli m'munda. Lowani mu WhatsApp, pa Storage and data, muchotse chizindikiro pa zithunzi, mavidiyo ndi mawu kuti izikoka zokhazo zimene mwadina. Pa Facebook zimitsani mavidiyo oyamba okha. Pa YouTube sankhani 360p kapena 480p, pakagalasi ka foni kusiyana kwake n'kochepa. Pa Play Store letsani mapulogalamu kudzikonza okha, ndipo yatsani Data Saver.

Rauta ili ndi msampha wina umene ambiri saudziwa. Foni kapena kompyuta ikalumikizidwa pa Wi-Fi imaganiza kuti intaneti ndi yaulere, ndiye imayamba kukoka zonse zimene inkadikirira ndi kutumiza zithunzi zonse ku Google Photos. Kompyuta ya Windows itha kumaliza ma GB angapo usiku umodzi. Pa chipangizo chilichonse, ikani Wi-Fi ya pakhomo ngati metered connection, kuti chipangizocho chidziwe kuti intanetiyo ndi yowerengera ma MB. Ndipo sinthani pasiwedi. Mwana akauza mnzake mmodzi, pomatha sabata anyamata amakhala atatsamira mpanda wanu madzulo aliwonse, mafoni ali m'manja.

Bandulo ya tsiku, ya sabata kapena ya mwezi?

Werengani mtengo wa GB imodzi. Tiyerekeze, ndi ziwerengero zongopangira chitsanzo, kuti kabandulo ka tsiku ka 200 MB ndi K500, ndipo ya mwezi ya 10 GB ndi K12,000. Wogula ka tsiku akulipira K2,500 pa GB, ndipo pa masiku 30 watulutsa K15,000 n'kupeza 6 GB yokha. Wogula ya mwezi walipira K1,200 pa GB. Wosauka ndi amene amalipira zambiri, chifukwa K500 imapezeka tsiku lililonse koma K12,000 yapamodzi imavuta. Zimenezi zimandiwawa, koma njira ilipo. Amene mumalandira pa fotinaiti ku esiteti, gulani ya sabata kapena ya mwezi tsiku lolandira lomwelo ndalama isanabalalike. Banja lingathenso kusonkha, kugula bandulo imodzi yaikulu m'MiFi m'malo moti aliyense azigula kakekake.

Komabe musagule yaikulu kuposa imene mungamalize, chifukwa masiku akatha zotsala zitha kupita nazo. Onaninso mabandulo a usiku, amene amatchipa, ngati muli ndi zinthu zazikulu zokoka monga mabuku ndi mavidiyo a sukulu. Ngongole ya mayunitsi ya Kutapa kapena Pasavute ili ndi kachiongoladzanja kake, isakhale chizolowezi. Ndipo bandulo ikatha zimitsani data nthawi yomweyo ngati muli ndi mayunitsi m'foni, chifukwa intaneti yopanda bandulo imadula koopsa.

Mabandulo akuti alibe malire ndi oonadi?

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri a iwo amakhala ndi liwiro loikidwiratu, kapena mlingo umene mukaudutsa liwiro limatsitsidwa mpaka tsiku kapena mwezi utatha. Si chinyengo ngati zinalembedwa, koma zimalembedwa ndi tizilembo tating'ono. Funsani mafunso atatu: liwiro lake ndi ma Mbps angati, limatsika mukafika ma GB angati, ndipo imalola hotspot kapena rauta? Liwiro la 2 Mbps limakwanira munthu mmodzi kuonera vidiyo wamba. Banja la anthu asanu lidzakangana.

Ndimakhala kufupi ndi Muloza, mayunitsi amangosowa. Chikuchitika n'chiyani?

M'malire foni imatha kudumphira pa netiweki ya ku Mozambique monga Vodacom, Movitel kapena Tmcel, inu muli m'nyumba mwanu ku Malawi. Zikatero mumalipira mitengo ya roaming ndipo bandulo yanu wamba siigwira ntchito. Zimitsani Data roaming, ndipo pa Network operators chotsani Automatic n'kusankha nokha Airtel kapena TNM. Anthu a ku Limbuli ndi midzi yonse ya m'mbali mwa Ruo, chitani zimenezi pa foni iliyonse ya m'nyumba, makamaka ya agogo.

Pa TV, ndisankhe dishi kapena mlongoti?

GOtv ndi Kiliye Kiliye zimalandira mafunde kuchokera ku nsanja za pansi pano kudzera pa mlongoti, choncho vuto lake ndi lofanana ndi la foni. Phiri likakutchingani, palibe chimene mungachite. Musanagule, yendani m'mudzi muone ngati alipo amene akuonera bwino pa mlongoti. DStv ndi Azam TV zimadzera pa dishi, ndipo setilaiti yake ili pamwamba kwambiri, pafupifupi makilomita 36,000, kotero imagwira pafupifupi paliponse bola kutsogolo kwa dishi kusakhale mtengo kapena khoma.

Musanasankhe, khalani pansi ngati banja mutchule zimene mumaoneradi. Ngati ndi nkhani za MBC, Times ndi Zodiak, mapemphero ndi nyimbo za kwathu, palibe chifukwa cholipirira phukusi lalikulu. Yambani mwafunsa za Kiliye Kiliye, dikoda ya kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, yomwe inabwera kudzaonetsa matchanelo a m'dziko muno. Chimene chimakweza mtengo wa TV ndi mpira wa ku Ulaya. Ngati bambo okha ndi amene amaonera, ndipo n'kamodzi pa sabata, ndalama yolowera kokaonera mpira pa Chitakale kapena pa Bvumbwe ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi phukusi la mwezi wonse.

Ndili kale ndi DStv kapena GOtv. Ndingachepetse bwanji malipiro?

Simunamangidwe pa phukusi limodzi. Mumalipiriratu mwezi ndi mwezi, ndipo mutha kutsika kapena kukwera. Premier League ya ku England imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi, choncho mu Juni ndi Julayi tsikani ku phukusi laling'ono. Sinthani phukusi tsiku lolipira lisanafike, kenako mulipire ndalama yokwanira ndendende ya phukusi latsopanolo. Nthawi ya mayeso a ana, kapena mwezi umene ndalama yonse yapita ku feteleza, mutha kungosiya osalipira, mudzayambiranso. Lipirani pa Airtel Money kapena Mpamba m'malo mokwera minibasi, ndipo sungani uthenga wotsimikizira.

Sindilimbikitsa kulipiriratu miyezi yambiri kampani iliyonse. Mu Ogasiti 2023 MultiChoice, kampani ya DStv ndi GOtv, inalengeza kuti yasiya kupereka DStv ku Malawi chifukwa cha kusamvana ndi MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, intaneti, wailesi ndi TV, pa nkhani yokweza mitengo, ndipo inabwerera kumapeto kwa chaka chomwecho khoti litagamula. Zoterezi zimachitika inu mulibe mawu.

Mvula ikayamba chithunzi chimaduka. Dishi yanga ndi yoonongeka?

Mvula yamphamvu imameza mafunde a setilaiti, ndipo kuno ndi kwina kumene kumagwa mvula yambiri m'dziko muno. Kuduka kwa mphindi zochepa pa mvula ya mkokomo si vuto la dishi. Koma ngati chithunzi chikusweka ngakhale pa kamvula kowaza ka chiperoni, ndiye kuti dishi sinalunjike bwino, ndi yaing'ono, kapena madzi alowa m'waya. Yang'anani pamene waya amalumikizana ndi kachipangizo ka kutsogolo kwa dishi kotchedwa LNB. Mukaona dzimbiri kapena zobiriwira pa kachitsulo kopotera, dulani nsongayo, ikani katsopano n'kukulunga bwino ndi tepi. Ndalama yake ndi yochepa kwambiri, pomwe ena amakagula dikoda yatsopano pa vuto lomweli.

Poika dishi, uzani mmisiri aikhomere pakhoma la njerwa kapena pa chitsulo chozikidwa ndi simenti, osati pa malata. Amene tinaona mphepo ndi mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 tikudziwa chifukwa chake. Musamulipire asanakuonetseni pa TV mlingo wa signal quality.

Nanga magetsi akamazimazima?

Mwezi umene mwalipira umawerengedwa, kaya munaonera kaya ayi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mabanja ambiri ankalipira TV ya mwezi wathunthu n'kuonera maola ochepa. Ngati kwanu magetsi ndi osadalirika, kabatire kothandizira n'kofunika kuposa phukusi lalikulu. Marauta ndi madikoda ambiri amayendera mavoti 12 ndipo amakoka mawati 10 mpaka 15 basi. Kabatire kotchedwa mini UPS kamayendetsa rauta maola angapo. TV ya LED ya mainchesi 32 imakoka mawati 30 mpaka 50.

Amene mumadalira sola, werengerani miyezi ya chiperoni, Juni ndi Julayi, pamene dzuwa limatha masiku osaoneka ndipo batire silidzaza. Gulani panelo yokulirapo kuposa imene wogulitsa wa kumalo otentha angakuuzeni. Amene muli pa magetsi a MEGA ku Bondo, ochokera mumtsinje wa Lichenya, kapena pa mita ya ESCOM yolipiriratu, zimitsani rauta ndi dikoda pogona.

Ziphaliwali zikayamba, zulani pulagi komanso waya wa dishi kapena wa mlongoti, chifukwa mphenzi imadzeranso mmenemo. Ikani TV guard kuti magetsi akabwera mwamphamvu asapsereze zinthu.

Ndingasiye dikoda n'kumaonera zonse pa intaneti?

Pa bandulo yowerengera ma GB, ayi. Mpira umodzi woonera pa TV yaikulu utha kudya 2 GB kapena kuposa, ndipo ana akamaonera makatuni maola awiri tsiku lililonse, bandulo ya mwezi siifika pakati. Dishi imaonetsa tsiku lonse pa mtengo umodzi. Pabanja pomwe TV imayaka madzulo aliwonse, chotchipa ndi kukhala ndi phukusi laling'ono la dikoda ndi bandulo yapakatikati ya mafoni. Zimasintha pokhapokha muli ndi intaneti yopandadi malire komanso yothamanga.

Pali anthu akugulitsa timabokosi toonetsa matchanelo onse ulere. Nditenge?

Musatenge. Timadya intaneti yambiri, timaduka pakati pa mpira, ndipo tsiku lililonse titha kutsekedwa wogulitsa atazimitsa foni. Kuonjezera apo n'kuphwanya lamulo la umwini wa zopangapanga. Amene mukufuna kutsegula malo oonetsera mpira kapena mafilimu, phukusi la pakhomo si lochitira bizinesi. Funsani kampaniyo za phukusi la malonda, ndipo funsaninso a COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zopangapanga, za chilolezo.

Tingagawane intaneti ndi oyandikana nawo?

Pa mdadada wa nyumba za aphunzitsi kapena za ogwira ntchito pachipatala, kusonkherana rauta imodzi kumatsitsa mtengo kwambiri. Pamavuta ndi pa chilungamo. Gwirizanani poyamba tsiku lopereka ndalama, chiwerengero cha mafoni a nyumba iliyonse, ndi amene azisunga pasiwedi. Marauta ambiri amaonetsa zipangizo zonse zolumikizidwa ndipo amalola kutseka zachilendo. Wi-Fi siipita patali, ikadutsa zipupa ziwiri kapena zitatu yafooka, choncho kukoka waya kupita kunyumba inayo n'kuika karauta kena kumathandiza. Werenganinso malamulo a kampani imene mukulipira, chifukwa ena saloleza kugulitsa intaneti yawo kwa ena, ndipo kuchita zimenezi ngati bizinesi kumafuna chiphaso cha MACRA.

Dikoda kapena rauta yogwiritsidwapo kale ntchito ndi yabwino kugula?

Inde, bola muiyese pamaso pa mwini wake. Pa dikoda, onetsetsani kuti ilibe ngongole, inalembetsedwa ku Malawi kuno, ndipo mwiniyo avomera kusintha dzina ndi nambala ya foni pa akaunti. Yobwera ndi wachibale kuchokera ku Johannesburg inalembetsedwa kumeneko, ndipo mudzavutika nayo. Pa rauta kapena MiFi, bayani SIM yanu muone ngati ikulandira 4G, ndipo tsegulani kumbuyo muone ngati batire sinatupe.

Ndalipira koma sanandilumikize, kapena ndalama yadulidwa molakwika. Ndipite kuti?

Yambani ndi kampaniyo. Khalani ndi uthenga wotsimikizira malipiro, tsiku ndi nthawi, nambala ya dikoda kapena ya SIM, ndipo pemphani nambala ya dandaulo lanu muilembe papepala. Pa dikoda, musanaimbe foni, onani ngati simunalakwitse nambala polipira, ndipo isiyeni yoyaka kuti ilandire chizindikiro chotsegulira. Akapanda kukuthandizani, kadandauleni ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a mafoni, intaneti, wailesi ndi TV. Ngati nkhani yake ndi ya katundu wachinyengo kapena malonda osocheretsa, bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere, ndipo a bungwe loimira ogula la CAMA amathandizanso. Kulikonse kumene mungapite adzakufunsani umboni, choncho risiti ya rauta kapena dikoda muisunge pamodzi ndi katoni yake mpaka nthawi ya waranti itatha.